Mabotolo awiri a apongozi a Tadala

Ndinanyamuka ku Buruburu, dera la mumzinda wa kuno kuchilendo kumene tikukhala, Loweruka m'mawa, mtima uli m'mwamba. Madzulo ake mwana wanga Tadala ankabwera ndi chibwenzi chake cha ku France pamodzi ndi bambo ake a mnyamatayo. Ukwati umenewu ndinali nditaukana kwanthawi yaitali, ndipo Tadala anali atanena mosapsatira kuti alendowa ndikawalandira monyinyirika, sadzapondanso pakhomo panga. Ndiye ine, mkulu wa mpingo amene mowa sunandikhudzepo pakamwa, ndinali pa ulendo wokagula vinyo.

Matatu, minibasi ya kuno, inandidya mashilingi 80 kukafika m'tauni, nyimbo zikugunda ngati m'chigayo. Apo ndinakwera bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, mpaka ku Upper Hill, dala, kuthawa maso a anthu akwathu.

"Mzee, mukuphika chiyani?" anafunsa mtsikana wogulitsa m'sitolo ya vinyo imene ndinalowa, ponditchula mdala m'chinenero cha kuno.

"Nsomba yowotcha ndi nyama ya mbuzi."

"Nsomba imayenda ndi woyera uyu wa ku Loire, mukamuike mufiriji. Mbuzi imafuna wofiira uyu wa ku Rhône. Ameneyu musakamuziziritse kwambiri, mukangomutsegula msanga apume. Ndipo paja woyamba kulawa ndi mwini nyumba."

Mawu omalizawo anandidzidzimutsa. Ine ndinkaganiza kuti ntchito yanga ithera pogula.

Pobwerera masana, tsoka linandipeza. Amene anadzakhala pambali panga m'matatu anali Mayi Nyirenda, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu, munthu amene nkhani siigona m'kamwa mwake. Pamsewu wa Jogoo magalimoto anali atathithikana, ndipo dalaivala akangoponda buleki, mabotolo m'chikwama ankati ngwee! Ndinawapana ndi maondo, koma sanandimvere.

"Bambo Chirwa, mwanyamula chiyani chikulira chonchi?"

Bodza la mafuta ophikira linafika palilime. Ndinalimeza.

"Ndi vinyo, mayi. Wa apongozi a Tadala."

Anayang'ana chikwamacho, kenako ine.

"Mukamwa nawo?"

"Akuti mwini nyumba amayamba kulawa."

"Hmm. Nanga kwanu ku Dedza, mlendo mumam'patsa thobwa musanalawe?" Atatero anayang'ana pawindo mpaka ndinatsika. Kaya ankandikhululukira kaya ankasunga za Lamlungu, sindikudziwa mpaka lero.

Kunyumba ndinachita zonse monga anandiuzira mtsikana uja. Alendo atakhala pansi, nsomba ili patebulo ndi mbuzi yomwe, ndinathira woyera uja pang'ono m'tambula yanga. Tadala ankandiyang'anitsitsa, osaphethira. Ndinachita mantha, sindibisa.

Ndinalawa. Kuwawasa kwake ngati bwemba! Apo m'pamene ndinadziwa kuti kuvomera mkamwini si nkhani yapakamwa chabe, kumadutsa pakhosi.

"Takulandirani, apongozi," ndinatero, n'kuwathirira.

Tadala ananyamuka mofulumira akupukuta m'maso, akuti akukaona mbuzi pamoto. Mbuziyo inali kale patebulo.