Chinjoka cha Zipi ndi Kalata Yopanda Nkhope

Anzanga, mwandivutitsa kuti ndikuuzeni za mkazi amene anandilasa mtima ndili mnyamata. Chabwino. Ine ndikulankhula, foni ikulemba, chifukwa ine ndi cholembera sitinadziwanepo.

Ndinakumana naye mu video show, Loweruka masana. Nthawi imeneyo ndinali womasulira mafilimu. Chipinda cha malata, mabenchi asanu ndi limodzi, bulangeti pazenera, TV pamwamba pa kabati, deki yoseweretsa matepi pansi pake. Ine pambali, maikolofoni m'manja. Anthu ankanditcha a Sipika.

Chizungu sindinkachidziwa. Khutu linkatola "run", "never", "my king", basi. Zotsalazo ndinkawerenga pankhope. Munthu akakwinya, ndinkamupatsa mawu aukali. Akalankhula motalika akuyang'ana mtsikana, chimenecho ndi chikondi. Akalankhula mwachidule, ndiye kuti zaipa. Ndipo palibe anadandaulapo.

Mafilimu ake anali aja a malupanga, mapanga ndi afiti a ndevu zofika pamchombo. Ana a lero mumawaseka. Sekani. Inde, chimwala chachikulu ngati nyumba chinkagwera munthu n'kunjanja ngati siponji. Inde, msilikali wina wamakedzana ndinamuona ndi wotchi pamkono. Tepi nayo inali ya mizeremizere, pena deki n'kuitafuna, ine n'kumaikulunga ndi chala anthu akutukwana. Koma khomo la phanga likamatseguka, chipinda chonse chinkasiya kupuma. Azibambo a mabanja awo ankanyamula miyendo kuopa njoka ya pagalasi.

Tsiku limenelo chinjoka chamapiko chinatuluka chikulavula moto. Ine ndinakulitsa mawu: "Ndani wandidzutsa ndisanakhute tulo?"

Kumbuyo kunamveka mawu a mkazi: "A Sipika, tachiuzani chitseke zipi kaye. Ili kumsanako, yatseguka."

Anthu anafa nacho chiseko. Ndinabweza tepi pang'ono... zipi inalipodi.

Sindinagonje. "Achemwali, chinjoka nacho chimamva kutentha."

Anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo tsidya la msewu. Pamene ife tinkaona matsenga, iye ankaona msoko. Loweruka lotsatira anabweranso, n'kukhala benchi yakutsogolo.

"Mkanjo wa mfitiyo ndi katani," anandinong'oneza. "Mpendero wake anachita kumata."

"Nanga mukubwereranji, poti zonse n'zabodza?"

"Ndikubwerera pakamwa panupo. Filimu yomweyi ndinaionerapo kwina, ndinagona."

Anzanga, tsiku limenelo ndinayenda ngati msewu ndagula ndine.

Kufunsira ndinamufunsira m'filimu momwemo. Mnyamata wa lupanga atagwada pamaso pa mwana wamkazi wa mfumu, ndinamulankhulitsa kuti: "Ufumu sindiufuna. Ndikufuna uja wa makina osokera, wakhala benchi yakutsogoloyo."

Chipinda chinaphulika! Iye anabisa nkhope m'manja, koma anandidikira panja.

"Ndiye kuti mzungu uja amandidziwa?"

"Mwadzimvera nokha."

"Apo mwanama," anatero akuseka. "Koma Chizungu chonsechi munachiphunzira kuti?"

Apa ndi pamene ndinaponda molakwika. "Kusukulu, nanga kuti."

Iye sukulu anailekeza m'kalasi lachitatu. Chichewa ankawerenga, Chizungu ayi. Ankandinyadira. Anandisokera shati ya kolala yofiira yoti ndizivala pa ntchito, ndipo amayi ake anawauza kuti wapeza mwamuna wophunzira. Ine n'kumangovomera ndi mutu, miyezi isanu ndi itatu.

M'mawa wina ndikupukuta deki, analowa ndi envulopu m'manja. Anali atafunsira ntchito ku fakitale ya zovala, chinthu chimene ankachilakalaka kuyambira ali mtsikana wamng'ono.

"Ayankha. Tawerengani msanga, mtima wanga sukukhazikika."

Ndinatsegula. Zilembo zinangoti mbwee ngati nyerere. Ndinafunafuna nkhope yoti ndiwerengepo, koma kalata ilibe nkhope. Chimene ndinaona n'chakuti inali yaifupi, mizere inayi yokha. Ndipo lamulo langa munalimva kale: mwachidule, zaipa.

Ndinatsokomola, n'kutulutsa mawu anga a pa maikolofoni. "Akuti sorry, malo adzaza. Mudzayesenso chaka chamawa."

Analira pachifuwa panga. Ine n'kumamutonthoza, mumtima ndikudziyamikira kuti ndadutsapo bwino.

Patapita milungu itatu, mnzake wina wogwira ntchito kufakitaleko anamupeza pakhonde paja. "Iwe, ntchito unaikaniranji? Anakudikira tsiku lonse, pa makina ako aikapo wina."

Telala wanga uja anabwera filimu ili pakati. Sanakuwe. Anadikira kuti anthu atuluke, kenako anayala kalata ija pamwamba pa deki.

"Ndapita nayo kwa aphunzitsi a mng'ono wanga. Akuti inkandiitana kuti ndikayambe Lolemba, seveni koloko."

"Mwina tsiku lija maso anga..."

"A Sipika, lozani pamene palembedwa dzina langa."

Chala changa chinayendayenda papepalapo, chinayendayenda, n'kukaima pa chidindo.

Anasolola kalata ija pansi pa chala changa. "Mukanangoti sindidziwa. Ndikanapita nayo kwa wina, ndipo madzulo ndikanabwera kwa inu nomwe kudzakuuzani kuti andilemba."

Anapinda kalata yake bwinobwino, n'kutuluka. Mwezi usanathe, makina ake anali atachoka pakhonde paja. Kumene anapita palibe anafuna kundiuza.

Ine ndinapitiriza ntchito zaka khumi ndi zisanu, mpaka matepi anatha fasho. Womasulira wondiposa sanabadwe, kafunseni aliyense amene anakhalapo pa mabenchi aja. Ndinalankhulitsa mafumu, afiti, zinjoka, mpaka hatchi ndinailankhulitsa anthu n'kuwomba m'manja. Koma liwu limodzi lokha, "sindidziwa", linandikanika pakamwa, ndipo ndi lomwe iye ankafunika kulimva.

Anzanga, munthu amene amakukhulupirira akakupatsa pepala la moyo wake, usamuchitire filimu.