Mfutso wa Silantro

Loweruka, 14 Okutobala 2006, ndinali nditagwada pafupi ndi hita ya m'khichini mwathu ku Sheffield, ku England, ndikutembenuza timasamba touma panyuzipepala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo zomwe zinkandikanika pakamwa ndinkazilemba m'kabuku kanga.

M'nyumbamo tinkakhala ndi mayi wina wa ku Kolombiya, yemwe ndinkangoti anti. Iwonso, monga amayi ndi ine, ankadikira yankho la mapepala opempha chilolezo chokhala m'dzikomo. Kwawo ankaphika mu lesitilanti. Pawindo la khichini anadzala silantro, masamba onunkhiritsa ndiwo, m'zigubu zitatu za ayisikilimu. M'mashopu masambawa amawalemba kuti koliyanda, koma anti sankafuna n'kumva komwe dzina limenelo.

Mphika uliwonse ankauyamba chimodzimodzi: anyezi wamasamba, tomato, adyo, kenako timbewu ta kumini tokazinga pouma n'kusinja. Silantro ankamuwaza pomaliza, ataphula kale. Ndinkaziona tsiku ndi tsiku ndikulemba homuweki pathebulo, koma sindinafunsepo chifukwa chake.

"Masamba anuwa akununkha nsikidzi," amayi ankatero atagwira mphuno, ine n'kumamasulira m'Chingerezi mwamanyazi.

"Uwafunse amayi akowo," anti ankayankha, "ngati ndi nsikidzi, mbale yawo yayera bwanji?"

Lachiwiri lina anti anapita kukasaina ku ofesi yoona za anthu olowa m'dziko, monga ankachitira sabata iliyonse. Potuluka anandigwira tsaya nati, "Mwanangu, uthirire ana angawo." Sanabwerere. Patapita masiku awiri tinamva kuti awatsekera kumalo osungirako anthu oti abwezedwe kwawo.

Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, mwina mopitirira muyezo. Kunja kunayamba kuzizira, masamba n'kuyamba kuchita chikasu. Amayi anandipeza ndikulira pawindo.

"Tonthola, iwe," anatero. "Kwathu ndiwo sititaya, timafutsa. Nkhwani ndi chitambe timadya mpaka chilimwe. Akadzatuluka adzapeza mfutso wawo."

Tinathyola masamba onse, tinawawiritsa pang'ono, tinafinya, n'kuyanika pafupi ndi hita poti dzuwa ku Sheffield kunalibe. Amayi anangosiya mtengo umodzi womwe unatalika n'kubereka timbewu. Anati umenewo wakhwima, si ndiwonso.

Ndiye Loweruka lija ndinatapa timasamba touma, ndinatifikisa m'manja, n'kununkhiza. Panalibe kanthu. Ndinatapanso tina. Tinkangomveka ngati udzu wofolera. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chomwe anti ankadikira kuti moto uzime kaye. Fungo lonse tinalitaya mu sinki pamodzi ndi madzi obiriwira aja.

Amayi ananunkhiza nawo.

"Nsikidzi zija zathawa," anatero, koma palibe anaseka.

Masana foni inalira. Anali anti. Anauza amayi, m'Chingerezi chochepa chomwe ankamvana, kuti ndege yowabweza kwawo ndi ya Lachitatu. Kenako anapempha kuti alankhule nane.

"Ana anga ali bwanji?"

"Ali bwino, anti."

"Mawa ubwere nawo pang'ono, ndidzangonunkhizako. Chakudya cha kuno sichinunkhira kalikonse."

Ndinavomera. Anthu a kutchalitchi anali atalonjeza kale kuti Lamulungu atitengera pagalimoto kukawaona. Nditaika foni, ndinakumbukira bodza ndinawauza lija. Anti ndinali ndisanawanamizepo chiyambire.

"Tikagula wina pashopu ya amwenye ija," amayi anatero. "Masamba ndi masamba. Sakadziwa."

Ndinapita pawindo, pamtengo wotsala uja. Timbewu take tinali titauma, tofiirira, tochepa ngati mapira. Ndinathyola kamodzi n'kukaswa ndi supuni. Fungo linatuluka, losiyana ndi la masamba, lokhala ngati khungu la lalanje, koma linali la m'khichini mwa anti. Ndinakhala pansi n'kulira mpaka amayi anabwera kudzandikhalira pafupi. Tinapulula timbewu tonse m'sosala.

Tsamba la m'kabuku kanga la tsiku limenelo ndikadali nalo, inki yake inafalikira malo awiri. Pansi penipeni ndinalemba motere: Mawa ndikagula silantro wa m'shopu kuti anti akanunkhize, koma ndikawauza ndekha kuti si wawo, kuti wawo tinamuphika. Ndikanena ndisanakhale pansi, manyazi asanandigwire. Timbewu ndigawa pawiri. Theka ndiika mu envulopu kuti akadzale komwe akupitako, ngati alonda akalole. Theka lina ndidzala m'zigubu zawo tisananyamuke.