Amayi Okana Kuchepetsa Diresi

Amayi osoka zovala pakhonde loyandikana ndi lathu amakhalira kudandaula. Msana ukuwawa, maso atha, makina nawonso akalamba. Anabereka ana asanu ndi awiri motsatizana, ndipo amati, "Aliyense anapita ndi dzino langa limodzi." Poyeza munthu saona tepi yokha, amaonanso zikhatho ndi m'maso.

Mwana wanga ali ndi miyezi khumi. Ndikuyamwitsa, ndikaimirira ndimamva chizungulire, koma amuna anga ayamba kale kunena za wachiwiri. Tsiku lina anandiperekeza kukachepetsa diresi yanga kachitatu.

Amayiwo anazunguliza tepi m'chiuno mwanga n'kuusa moyo.

"Bambo, mwana winayo amene ndimamva mukumunenayo adzakhala pati? Munthuyu watsala mafupa okhaokha."

"Amayi, ife tangodzera diresi," anatero amuna anga akuseka.

"Sindichepetsa. Mupite naye kuchipatala akamuyeze, amwe mankhwala owonjezera magazi, adye, apume. Diresiyi ikadzamukwana, mudzayambe nkhani zanuzo."

Tinabwerera nayo diresiyo. M'mawa mwake ndinapeza amuna anga atanyamula mwana, nsapato atavala kale.

"Kuchipatalako amatsegula nthawi yanji?"