Jekete la a Bizwick ndi mluzu umene ndinamumana Mayeso

Mayeso ndi mwana wa Ireen, mwana wanga wachiwiri, ndipo bambo ake ndi a Frank aja amakonza njinga pa Golomoti. Iye ali ndi ana awiri, Naomi ndi Kadzuwa, obadwira ku Lilongwe, amene akabwera kuno amathawa nkhuku. Ndayamba ndi mayina chifukwa anthu omuona pa kanema amayesa kuti munthu wa zisudzo amangophuka ngati bowa. Ali ndi kwawo. Mchombo wake ndinaukwirira ine kuseri kwa nyumba yathu ku Mtakataka, chaka cha 1990.

Tsiku limene anabadwa ndinamutcha "amuna anga", monga timachitira agogo ndi adzukulu athu aamuna. Amuna anga enieni, a Bizwick, anamusuzumira m'kansalu n'kunena kuti, "Nangozo, mwasiya wopanda mano, mwatenga wopanda mano mnzake." Ankanena zoona. Chaka chapitacho ngolo inali itawagubuduza pa njira ya ku Mua, n'kuwachotsa mano anayi akutsogolo, n'kuwapotola chiuno. Kuchokera pamenepo ankayenda akuponya mwendo wamanzere kunja pang'ono, phewa likutsika, ngati munthu amene akuwoloka madzi oti enafe sitikuwaona.

Kayendedwe kameneka ndiko kanali sukulu yoyamba ya Mayeso. Mpunga utayamba ku sikimu ya Bwanje, m'mawa ndinkawaona awiriwa pamzere wa ngalande, nkhungu isanachoke: wamkulu patsogolo, wamng'ono pambuyo, onse akuponya mwendo umodzi, onse akutsokomola pamalo amodzi. Ireen ankafuna kumukwapula, akuti akunyoza. A Bizwick anamuletsa. "Musiye," anatero, "ndikadzatopa adzandiyendera."

Anatengera aliyense. Ankatha kukhala kondakitala wa minibasi, mayi wogulitsa usipa, ngakhale mbuzi yomangidwa pa njinga. Ali kusekondale anayamba kuyenda ndi kagulu ka anzake m'misika, akuchita masewero a kolera ndi a maneti a udzudzu. Tsiku lina pa msika wa Golomoti anachita ngati munthu wotsegula m'mimba, mpaka mayi wina anamubweretsera madzi a mchere ndi shuga akulira. Bambo ake, a Frank, anachita manyazi. Anabwera kwa ine atanyamula sipanala, n'kunena kuti mwanayu akhale pa njinga, asiye kugubuduka m'fumbi pamaso pa anthu. Ndinawayankha kuti, "Apongozi, njinga za pa Golomoti zakwanira inu. Uyu ndi wa kuno, mwini mbumba sanadandaule." Anabwerera ndi sipanala yawo. Sitinalonjerane mwezi wathunthu, ndipo sindinaonde nazo.

A Bizwick anamwalira mu 2012, mpunga uli pafupi kucha. Kwathu kuno mwamuna akamwalira, zovala zake timazimanga mumtolo kufikira tsiku lometa, pamene abale ake amabwera kudzagawana. Mumtolowo munali jekete lofiirira limene anagula pa kaunjika ku Salima. Batani lake lapakati linali la mtundu wina, ndinasokerera ndekha ndi ulusi wobiriwira poti wakuda unali utatha. Aliyense ankadziwa kuti jeketelo ndi la Misheck, mwana wa mlongo wawo. Titamasula mtolo, munalibe. Mayeso anali atakwera minibasi ya m'mawa dzulo lake, chikwama chili chotupa.

"Amayi, jekete la amalume lili kuti?" anafunsa Misheck anthu onse akumva.

"Chiswe," ndinatero.

"Chiswe chadya jekete, n'kusiya malaya onsewa?"

"Kafunse chiswecho."

Limenelo ndilo bodza lalikulu limene ndinanenapo pamaso pa akuluakulu. Ndinakaulula kutchalitchi, koma kwa Misheck ayi.

Zaka za ku Lilongwe sindizidziwa bwino, poti mwanayu akamavutika saimba foni. Ndimangodziwa kuti ankagona m'chipinda chimodzi ndi anzake anayi, kuti ankachita masewero m'maholo a sukulu momwe mipando inali yambiri kuposa anthu, ndiponso kuti anakhalapo wakuba, chidakwa, wapolisi, ndi mtembo kawiri. Kenako mawu ake anamveka pa wailesi, akulira ngati mwana wamasiye. Ine ndinazimitsa. Sindifuna kumva wanga akulira, ngakhale zamasewera.

Tsono linafika Lamulungu lija, mu 2019. Fagness, amene ali ndi kantini ya tiyi pa Mtakataka, anali ataika sola ndi kanema. Anatuma uthenga kuti ndifike folo koloko masana, mdzukulu wanga ali m'sewero latsopano. Ndinakhala pa benchi lakutsogolo, ndinalamula kuti mwini munthu sakhala kumbuyo. Pa galasipo panaoneka munda, ndi kanjira. Ndipo m'kanjiramo munatulukira a Bizwick.

Sindikunena kuti wofanana nawo. Mwendo uja, phewa lija, ndi kaimidwe kaja ankaima asanayankhule, ngati akumvetsera mvula ili kutali. Tsitsi analiyeretsa, mano akutsogolo anawadetsa kuti aoneke ngati palibe. Anakhala pa chitsa, n'kukoka jekete, ndipo ndinaona ulusi wanga wobiriwira. Mkati mwa kantini munayamba kununkha mpunga wakucha, chonsecho kunja kunali Okutobala, fumbi lokhalokha. Ndinamva madzi akuyenda m'ngalande pansi pa benchi. M'seweromo ankatchedwa a Pitala, mdala wa m'mudzi amene ana ake anathawira m'tauni. Zimene ananena tsikulo sindinamve ndi chimodzi chomwe.

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu a Misheck. "Amayi, chiswe chija chafika ku Lilongwe."

"Chinakwera basi," ndinatero osacheuka. Anthu anaseka, iyenso anaseka, koma pang'ono.

Zaka zinayi, Lamulungu lililonse, ndinkasamba kachiwiri ndikachoka ku Misa. Ndinkavala chitenje chimene a Bizwick ankachikonda, n'kudzola mafuta, n'kuyenda m'mbali mwa njanji mpaka kwa Fagness. "Akwati afika, sunthani," Fagness ankatero, n'kundiikira tiyi wa mkaka. Ndikudziwa kuti kanema ndi chiyani, ndinafika Sitandade sikisi. Koma theka la ola lija a Bizwick ankakhala moyo, ankatsokomola, ankakalipira mbuzi, nthawi zina ankayang'ana kuno n'kukhala chete. Ndinkawauza mumtima za mitengo ya feteleza, za denga lodontha, za amene wamwalira sabata imeneyo. Pobwerera njanji inkaoneka yaifupi.

Mayeso anatchuka. M'minibasi anyamata ankatengera chifuwa cha a Pitala, osadziwa kuti chifuwacho ndachiphikira mankhwala zaka makumi awiri. Anamanga nyumba, anagulira bambo ake makina owotcherera zitsulo, ndipo a Frank anayamba kuuza makasitomala kuti luso limeneli n'lochokera kuchimuna. Ndinawasiya.

Chaka chatha anabwera yekha, osati pa Khirisimasi. Anandipeza ndikupeta mpunga. Anakhala pansi, osati pampando, ndipo ndinadziwa kuti wabwera ndi chinthu.

"Akazi anga, mwanenepa."

"Amuna anga, mukandinyengerera ndiye kuti mwaba chinanso. Nenani."

Anatola kambewu ka mpunga n'kumakayang'ana. "Agogo, olemba sewero agwirizana. A Pitala amwalira. Kwatsala Malamulungu asanu."

Ndinapitiriza kupeta. Mankhusu anali atatha kale koma ndinapetabe.

"Adwala chiyani?"

"Sadwala. Nkhani yangofika pamenepo."

"Ndiye uwauze kuti isafike."

"Si ine mwini, agogo. Inenso ndatopa kukalamba. Ndili ndi zaka sate-fili, koma ana anga amanditcha mdala."

"Unawatenga mumtolo osapempha. Unawadzutsa osapempha. Lero ukufuna kundiikitsa maliro kachiwiri, mwamuna mmodzi yemweyo."

Kenako ananena chimene anadzera. Amayi ake anamuuza kuti kale, ngolo isanagwe, a Bizwick anali ndi mluzu wawo woitanira ine ndekha. N'zoona. Sankanditchula dzina patali, ankati dzina la mkazi silofuulira m'dambo. Ankaimba kamluzu ka mawu atatu, ndipo ine ndinkakamva ngakhale pakati pa phokoso la zitini zopirikitsira mbalame. Anayamba nako tili achinyamata, pa siteshoni ya sitima, ine ndikugulitsa mango. Mano atachoka, mluzu unapita nawo. Mayeso sanaumvepo. Ndi chinthu chokhacho cha agogo ake chimene analibe.

"Ndikufuna a Pitala atsirize nawo," anatero. "Mundiimbire kamodzi kokha. Ndigwira."

"Mkazi saimba mluzu."

"Agogo, inu munakalipira wapolisi pa rodibuloko."

"Kukalipa n'kwina." Ndinaika lichero pansi. "Mwendo unatenga, chifuwa unatenga, jekete unatenga, ndipo dziko lonse likuseka nazo. Ichi anandipatsa ine. Bweza jekete, likafike m'manja mwa Misheck monga mwa mwambo, ndichotse bodza langa. Ukatero udzamva mluzu, koma pano pakhonde, osati pa galasi."

"Jeketelo ndikavula, sindidziwa kuti ndiyenda bwanji," anatero motsitsa mawu. Ndinaona kuti sakuchita sewero. Anagona tsiku limodzi, n'kubwerera wopanda kanthu.

Lamulungu lomaliza ndinkati sindipita. Folo koloko isanakwane ndinapezeka ndili pa njanji, nditavala chitenje chija. Kwa Fagness kunadzaza mpaka pawindo, koma malo anga anali osakhalidwa. A Pitala anayenda kanjira kaja pang'onopang'ono, n'kukhala pa chitsa. Anayang'ana kutali, kupyola munda, kupyola galasi. Kenako anasongola milomo kuti aimbe mluzu. Sipanatuluke kanthu, mpweya wokha. Anayesanso. Mpweya. Anamwetulira, mpata wa mano uja ukuoneka, n'kutsamira mtengo, n'kutseka maso.

Zimenezo palibe anamuuza. Panalibe munthu wina tsiku limene a Bizwick anayesa koyamba kuimba mluzu atachoka kuchipatala, kuseri kwa nkhokwe, ine ndikuwaonera pa mpata wa mpanda. Anamwetulira chimodzimodzi.

Ndinamva mluzu uja m'kantinimo, mawu onse atatu, bwinobwino. Fagness akuti anangomva mphepo pa malata. Ena akuti milomo yanga inagwedera. Sindikutsutsa, sindikuvomera.

M'mawa mwake amayi anayi a m'mudzi anabwera n'kukhala pakhonde mwakachetechete, miyendo atatambasula, monga timakhalira pa maliro. Mmodzi anabwera ndi kambale ka ufa. Palibe ananena kuti pepani, palibenso anaseka. Misheck anadutsa pa njinga, n'kutsika, n'kuvula chipewa, n'kupitirira akuikankha.

Lero Mayeso ali m'sewero lina, ndi mphunzitsi wa ndevu zometa bwino, amayenda mowongoka. Amachita bwino, anthu akutero, ndipo amene anganene zina abwere adzanene pamaso panga. Ine ndimapitako mwa apo ndi apo. Jekete silinabwere. Naomi anandinong'oneza pa foni kuti lili kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ndipo bambo ake amaligwira batani asanatuluke kupita kuntchito.

Akaimba foni amayamba ndi, "Akazi anga, mluzu wanga uja." Ine ndimati, "Amuna anga, jekete la eni ake lija." Timaseka, n'kukamba za mvula. Koma dzino langa lakutsogolo layamba kugwedera chaka chino. Masana, anthu akapita kumunda, ndimapita kuseri kwa nkhokwe n'kuyesa pang'ono, kuti ndione ngati ukutulukabe. Ukutuluka. Ireen, ukawerenga izi umuuze mwana wako kuti minibasi za ku Mtakataka zimanyamuka tsiku lililonse.