Chingwe Chinzake cha Zenera Langa

Bambo a khomo loyang'anana ndi langa kuno ku Leith anali kalipentala, koma masiku ano nyundo sagwira. Amaima kumbuyo kwako, manja ali m'thumba, n'kumakuuza pomwe walakwitsa. Zenera lapulasitiki amalitcha chitseko cha firiji.

Loweruka lapitali chingwe chimodzi cha zenera langa lakale, lotsegula mokankhira m'mwamba, lomwe limalendewera pa zingwe ziwiri zomangidwa ku zitsulo zolemera zobisika m'mbali mwake, chinaduka. Zenera linagwa kuti khu, kutsala pang'ono kundiphwanya zala. Ndinakawagogodera bambo aja. Anabwera ndi akazi awo, omwe anangodzera tiyi.

"Chotsa kathabwa kam'mbalika, Catriona," anatero bambowo. "Pisa dzanja. Wachipeza chitsulo cholemeracho? Mangirira chingwe chatsopano pamenepo."

Nditamaliza, zenera linkakwera ndi chala chimodzi. Ndinayamba kulongedza zida.

"Ukupita kuti? Dula cha mbali inayo."

"Koma n'chabwinobwinotu!"

"Anazimanga tsiku limodzi, zanyamula katundu mmodzi zaka makumi asanu. China chikaduka, chinzake sichimaliza chaka."

Mayi aja anaika kapu pansi.

"Mwanena nokhatu, bambo inu. Ndiye mapiritsi anu aja muzimwa. Ine sindikufuna kuduka chaka chino."