Chitenje cha Kachingwe Kofiira

Amuna anga ntchito yawo ndi yoyendera malabotale a boma amene amayesa zitsulo ndi mapaipi opita kumalo opangira magetsi a nyukiliya. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma ntchitoyi ndimaimvetsa. Amakaona ngati makina oyesera nawonso anayesedwa pa nthawi yake. Akapeza chokayikitsa amachimangirira kachingwe kofiira, ndipo palibe wochikhudza mpaka nkhani yake itatha. Amati paipi yosayesedwa bwino ikaphulika kumeneko, sipakhala kupepesana.

Nthawi imeneyo tinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Manassas, ndili woyembekezera mwana wathu woyamba. Kutchalitchi kwathu kunali abambo ena achikulire, Mmalawi mnzathu, amene ankayang'anira gawo lina mu imodzi mwa malabotalewo. Akazi awo ndiwo ankatsogolera ife amayi.

Loweruka lina, amuna anga atachoka, amayiwo anafika kwathu ndi chitenje chatsopano cha maluwa achikasu.

"Mwana wanga, amayi ako ali kutali. Ichi udzaberekere mwana."

Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri, misozi ili mbwee. Nanga mphatso ya munthu wamkulu n'kuikana? Ndipo poti kwathu za mwana wosabadwa sitizionetsa, ndinachibisa pansi pa sutikesi osauza aliyense. Sindinkadziwa kuti sabata yotsatira amuna anga akukayendera gawo la amuna awo. Amayiwo ankadziwa.

Kumeneko amuna anga anapeza makina oyesera kulimba kwa zitsulo atapitirira nthawi yake yoti ayesedwe, koma akugwirabe ntchito. Abambo aja anawakokera pambali nati, "Achimwene, tili kwa eni kuno, tizisungana." Amuna anga anamanga kachingweko basi.

Patangopita masiku ochepa anabwera kunyumba masana, nkhope itagwa.

"Mayi, kodi m'nyumba muno munalowa mphatso?"

Abambo aja anali atakadandaula kuofesi kuti banja lathu linalandira mphatso, likufuna zina, ndipo litamanidwa n'chifukwa chake amuna anga anawapezera zifukwa. Ndinatulutsa chitenjecho. Kuofesi anachitsekera m'pulasitiki, nachonso n'kuchimangirira kachingwe kofiira. Amuna anga anaimitsidwa kuyendera, ankangokhala pa desiki kudikira mlandu.

Kutchalitchi nkhani inafika kale: ndife adyera, ogwetsa anzathu, ndipo ine ndi kamtsikana kakumudzi kopemphetsa. Mwana atabadwa palibe mayi anabwera kudzaona chikuta. Ndinkadzithira ndekha madzi otentha, bala likupweteka, mwana akulira pabedi. Anandisamala ndi mnzanga mmodzi wa ku Zambia, namwino, amene ankadutsa akaweruka.

"Iwe, uli chabe zii?" ankatero. "Ine sembe ninayenda kudala kuwakambitsa!"

Ine ayi. Lamlungu lililonse ndinkawagwadira amayi aja n'kuwapatsa moni. Mumtima ndinkati, dikirani.

Kuofesi anatumiza oyendera ena, anthu osatidziwa. Anapeza zomwezo, n'zina pamwamba. Amuna anga anabwerera pantchito yawo, ndipo chitenje anawapatsa kuti chibwezedwe kwa mwini wake. Iwo ankafuna kuchitumiza pa positi.

"Ayi, bambo ake. Chinabwera pamanja, chibwerera pamanja."

Ndinachisunga mpaka mwana kukwawa, mpaka kuimirira. Kenaka kunabwera uthenga pa foni wa chilangizo cha mwana wamkazi wa amayi aja, ku Arlington, m'chipinda chachikulu cha pansi pa nyumba zosanjikizana. Amayi onse anali pomwepo, ngakhale a ku Columbia Heights. Itakwana nthawi ya mphatso, ndinapereka kaye mapoto kwa mtsikanayo, poti iye sanandilakwire. Kenaka ndinayenda chogwada, mwana ali kumbuyo, mpaka pamapazi pa amayi ake. Pulasitiki ija sindinaimasule, kachingwe kali lende.

"Amayi, chitenje chanu chija ichi, munandibweretsera nokha kunyumba kuti ndiberekere mwana, kutatsala sabata kuti abambo ake akayendere kuntchito kwa abambo akunyumba kwanu. Akuofesi atha nacho. Akuti chibwerere kwa mwini wake. Mwanayo ndi uyu, wakula, sanachisowe."

Nyimbo inali itazimitsidwa, ndiye mawu anga anafika mpaka kukhomo. Amayi ena okalamba anafunsa mokweza, "Kodi munachita kukapereka nokha? Si munkati anachita kupempha?"

Amayi a mtsikanayo anayang'ana uku ndi uku, ine ndili chigwadire, manja ali m'mwamba. Sindinathamange. Mawondo anawawa, koma ndinali nditamva kale zowawa zoposa apo. Munthu wogwada pamaso pa gulu sumusiya choncho, iwo eni ndiwo ankatiphunzitsa zimenezo. Anatambasula manja onse awiri n'kulandira. Kumbuyo ndinamva mnzanga uja akudzitsokomoletsa kubisa phwete.

Loweruka lotsatira belu la pakhomo linalira. Anali amayi a kutchalitchi, ndi sopo, matewera, ndi tizovala toti mwana anatipitirira kalekale. Ndinawalowetsa, ndinawaphikira tiyi. Analandirana mwanayo, iye akuwakana chifukwa sankawadziwa, ndipo sindinamunyengerere. Okalamba aja anati, "Tinakulakwira, mwana wanga." Ndinayankha kuti ndamva.

Amayi a chitenje aja sanabwere, ndipo utsogoleri anausiya okha. Ndimawaonabe kutchalitchi, pa benchi yakumbuyo. Sindiphonya. Ndimapita pomwepo, n'kugwada bwinobwino, n'kuwafunsa ngati adzuka bwanji, ndipo sindidzuka mpaka atayankha.