Mwendo Wamanzere wa Eveles

Eveles Mateyu anali mayi wa geni ya usipa. Ankapikula ku Senga Bay n'kukagulitsa pamsika wa Khombedza. Anali wamfupi, wa mawu akuluakulu, ndipo akayambitsa nyimbo ngakhale odwala ankadzuka. N'chifukwa chake mu 1994, misonkhano ya zipani itafika pachimake, anthu a chipani china anadzamutenga kuti akatsogolere nyimbo ku boma.

Anawapanikiza amayi makumi asanu mu lole imodzi, ali chiimire ngati mitolo ya nzimbe. Atatsala pang'ono kufika, tayala linaphulika, lole n'kugubuduzikira m'ngalande. Amayi awiri anafera pomwepo. Eveles anathyoka mwendo wamanzere kumunsi kwa bondo.

Mwamuna wake anali ku ntchito ku Joni, choncho amene analamula anali alamu ake, a Yohane. Iwo anakana zachipatala, ati kumeneko amangodula miyendo. Anamutengera kwa mkulu wina womanga mafupa, amene anamutema mphini n'kumumanga nsungwi zothina. Patatha sabata ziwiri mwendo unatupa ngati mtondo, zala zikuda.

"Alamu, ndiperekezeni kuchipatala," anatero Eveles.

"Mulamu, mukufuna mubwereko ndi mwendo umodzi?"

"Kodi mwendowu ndi wanu kapena wanga?"

A Yohane atapita kunyanja, Eveles anakwawa chokhala mpaka kumsewu wa tala, n'kuimitsa matola.

Kuchipatala anamulandira a Samueli Nkhwazi, dokotala wa mafupa. Atamasula nsungwi zija anapukusa mutu. "Mayi, mukanachedwa masiku atatu, tikanadula ndithu." Eveles anagona kumeneko miyezi itatu, kenako chikhakha miyezi ina iwiri. Mwendo unapola, koma unafupika, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina.

A Nkhwazi anali m'bungwe la madokotala a mafupa, lomwe linkaphunzitsa anthu m'midzi komanso kulembera boma makalata odandaula za ngozi zapamsewu. Anamupempha Eveles kuti azitsagana nawo, poti anthu sankamvera munthu wovala zoyera. Eveles anavomera asanamalize n'kuyankhula komwe. Ankaima pakati pa matandala a usipa, n'kuonetsa asodzi mmene angagonekere mwendo wothyoka pakati pa matabwa awiri, kumanga ndi chitenje mosathinitsa, n'kunyamuka tsiku lomwelo. Pomaliza ankanena za lole ija, kutchulanso mayina a anzake awiri aja.

Tsiku lina tcheyamani wa chipani chija anabwera pa benchi la Eveles pamsika atanyamula nsalu yatsopano ya chipani.

"Mayi Mateyu, nkhani ya loleyi muisiye. Mukutiipitsira mbiri."

"Bambo, zaka makumi atatu tinali otsekedwa pakamwa. Munatiuza nokha kuti tivote kuti tiziyankhula. Ndiye ndayamba. Nsaluyo mukapatse ana a malemu aja afunde."

Mu 1996 bungwe lija linamutengera ku msonkhano wake ku Lilongwe, komwe kunabweranso akuluakulu a boma. Wina wa iwo atanena kuti ngozi n'zakugwa zokha, palibe wolakwa, Eveles anadzuka, kutsimphina mpaka kutsogolo, n'kukweza chitenje kufika m'bondo.

"Bwana, yang'anani. Osayang'ana kumbali, yang'anani kuno. Mbuzi zanu mungazilonge makumi asanu mu lole imodzi?"

Bwana uja analonjeza kuti aona chochita. Palibe chimene chinachitika, ndipo malole anapitirira kunyamula amayi. Koma amayi a ku Khombedza anasiya kukwera chiimire, ndipo wina akathyoka, uthenga unkayamba wafika pa benchi la Eveles.

Eveles anamvanso za Gladys, mtsikana wa ku Senga Bay amene ankabisa khanda lake m'nyumba chifukwa linabadwa ndi mapazi opindikira m'kati. Eveles anapitako katatu, katatu konse abale a Gladys akumuthamangitsa. Ulendo wachinayi anangokhala pakhonde dengu lili pambali, nati sachoka. Dzuwa litafika paliwombo, Gladys anatuluka mwana ali kumbuyo, ulendo wa kuchipatala.

A Nkhwazi anawongola mapaziwo pang'onopang'ono ndi chikhakha chosintha sabata iliyonse, ndipo Eveles sanaphonye tsiku la sikelo ngakhale limodzi. Mwanayo, Thokozani, anayamba kuyenda ali ndi chaka ndi miyezi isanu. Gladys anabwera naye pamsika, n'kumutsitsa pansi kuti aliyense adzionere.